Kale Tinkawerenga Thanthwe, Lero Tikuliona pa Foni

Kale munthu wofuna buku lomulondolera pa matanthwe a phiri la Mulanje sankataya nthawi ndi kusankha. Buku lake linali limodzi basi, la Frank Eastwood, lotchedwa Guide to the Mulanje Massif, lomwe linatuluka mu 1979. Ntchito inali kulipeza. M'sitolo za mabuku ku Blantyre linkaoneka mwa apo ndi apo, likatha latha, ndipo amene anali nalo sankabwereketsa wamba. Ukabwereka Lachinayi, mwini wake ankakuuziratu kuti Lolemba alione patebulo pake. Ambiri tinkangokopera ndi dzanja m'kope la sukulu masamba okhudza kumene tikupita, ena n'kumakachita fotokope makina aja atayamba kupezeka m'tauni. Mapepalawo tinkawapinda kanayi, kuwakulunga m'pulasitiki yochotsamo shuga, n'kuwaika m'thumba la malaya pachifuwa, poti dzanja limodzi lizitha kufikapo linalo litagwira mwala.

Ndikunena za ife okwera mwa kamodzikamodzi. Sitinali akatswiri, ndipo Amalawi tinali owerengeka. Ambiri a masewerawa nthawi imeneyo anali azungu a bungwe la Mountain Club, ogwira ntchito m'minda ya tiyi, m'sukulu ndi m'makampani a ku Blantyre. Ife tinkapeza mpata pa tchuthi cha 6 Julaye kapena kumapeto kwa sabata ina m'chilimwe, kenako miyezi n'kumadutsa chingwe chili chopachika kuseri kwa chitseko. Kukwera kumene ndikunenaku si kuja kotsata njira ya miyendo kuchokera ku Likhubula kudzera pa Dziwe la Nkhalamba, ngakhale nakonso kumatulutsa thukuta. Ndikunena thanthwe lenilenilo, loimirira njo, anthu awiri atamangirirana chingwe chimodzi. Wina amatsogola, akulowetsa tizitsulo m'ming'alu ndi kukolekamo chingwe. Mnzake amatsala pansi akumasula chingwecho pang'onopang'ono, ali tcheru kuti achigwire zolimba wotsogolayo akaterereka. Chingwe chikatha, wotsogola amafuna poima, amadzimangirira, n'kuitana mnzake. Amatero gawo ndi gawo mpaka pamwamba. Wochita zimenezi sabata ndi sabata phiri amalidziwa ndi mapazi ake. Wobwera kamodzi pachaka amadalira zimene ena analemba, n'chifukwa chake nkhani ya buku imamukhudza iyeyo kuposa katswiri.

M'buku la Eastwood munali mapu, koma chenicheni chinali m'mawu. Linkakuuza poyambira, maola oyenda kuchoka pa nyumba ina ya paphiri kufika pa ina, Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, ndiponso njira zokwerera nsonga zake mpaka Sapitwa, ya mamita 3,002, yomwe m'Malawi muno mulibe yoiposa. Ife tinkathamangira masamba a matanthwe, makamaka a Chambe. Aliyense amene anadutsapo pamsewu wochoka pa Chitakale kulowera ku Likhubula ndi ku Phalombe analiona khoma la kumadzulo la Chambe, lija limachititsa munthu kupinda khosi kuti aone pothera pake. Ndi mwala wa mamita pafupifupi 1,700, wogawika pawiri: chigawo cham'munsi cha mamita ngati 600, kenako kamtunda ka tchire kopingasa, ndiye chigawo chapamwamba cha mamita ngati 1,100. Ambiri amati mu Africa monse ndi pomwe pali njira yaitali kwambiri ya thanthwe. Eastwood mwini wakeyo analikwera khomali mu 1977 pamodzi ndi Ian Howell, amene dzina lake limadziwikanso pa Mount Kenya. Ife sitinkalota n'komwe zokwera pamenepo. Tsamba limenelo tinkaliwerenga mwaulemu, kenako n'kumafunafuna njira zazifupi za msinkhu wathu. Komabe kudziwa kuti wolembayo anagwira ndi manja ake mwala umene akufotokoza kunkatichititsa kukhulupirira zina zonse zimene analemba.

Kuwerenga buku lotere inali ntchito ya madzulo onse. Mlonda wa nyumba ya paphiri ankakhala atawaza nkhuni, moto uli lawilawi pachumuni, fungo la mkungudza lili ponseponse m'nyumbamo. Mmodzi ankawerenga mokweza pa kandulo, enafe tikumvetsera makapu a tiyi ali m'manja. Malangizo a okwera akale ankayenda chonchi: yambira kumanja kwa chimwala chogwa, tsata mng'alu mpaka pothera, dutsa chopingasa kumanzere pa thanthwe losalala, ukafika pa kamtengo upume. Pamenepo mkangano unkabuka. Chimwala chogwa chiti, poti m'munsi mwa phiri lija miyala yogwa ndi yosawerengeka? Kamtengo kake kakadalipo? Tinkagona osagwirizana. M'mawa tinkaima patali ndi thanthwe, kuliyang'ana nthawi yaitali, kulondola ndi chala m'mwamba, mpaka mawu aja atagwera pamalo pake, wina n'kufuula kuti ndauona, mng'alu wake ndi uwo!

Ndikamaganiza tsopano, kuima kumeneko ndi kumene kunkatiphunzitsa kukwera. Usanakhudze mwala unkakhala utaona mizere yakuda yosonyeza kumene madzi amatsikira mvula ikagwa. Unkakhala utaona pamene pamera udzu pa kadothi konyenga, pamene pali poima anthu awiri, ndi kumene ungathawire zinthu zikavuta. Buku linkakupatsa theka, theka linalo unkalifuna wekha ndi maso, ndipo chimene wachipeza wekha suchiiwala ukafika pakati pa khoma miyendo ikunjenjemera.

Pa Mulanje luso limeneli ndi lofunika kwambiri chifukwa cha mtundu wa mwala wake. Akatswiri a miyala amati ndi syenite ndi granite ya zaka pafupifupi 130 miliyoni. Ndi wolimba, wokhakhala bwino kuphazi, koma ming'alu ndi yosowa. Utha kukwera mtunda wautali osapeza polowetsa chitsulo, chingwe chikungolendewera pansi pako popanda chochigwira. Okwera amadalira kumamatira kwa mapazi, penanso zomera, makamaka cheyo, chija amapangira matsache, chomwe chimamera pathanthwe penipeni. Akale ankadziwa cheyo chogwirika ndi chosagwirika. Chimene chinadutsidwa ndi moto wolusa chimazuka ndi mizu yomwe. Ndipo tizikumbukira kuti anthu a 1977 aja analibe nsapato za mphira womata, zomwe zinafala m'zaka za m'ma 1980, kapena zitsulo zija zodzitambasula zokha mumng'alu, zotchedwa Friends, zomwe zinayamba kugulitsidwa mu 1978. Ankakwera ndi zochepa, ndipo ankalembanso mawu ochepa, poganiza kuti wowerenga ndi munthu wodziwa kudzisamala.

Kalembedwe kameneka kanachokera ku Britain. W. P. Haskett Smith, amene anakwera mwala wotchuka wa Napes Needle mu 1886, anatulutsa buku lake la Climbing in the British Isles mu 1894, ndipo mu 1909 bungwe la Climbers' Club linatulutsa buku la thanthwe limodzi lokha, la Lliwedd ku Wales. Kuchokera pamenepo mabungwe a okwera, monga limeneli ndi la Fell and Rock Climbing Club la ku Lake District, anadzipatsa udindo wolemba njira iliyonse imene munthu anakwerapo, yabwino ndi yoipa yomwe, chigwa chilichonse buku lakelake. Pambali pa amenewa panabadwa mabuku ena osankha, ongotola njira zabwino za dera lonse n'kuziika m'buku limodzi. Kampani ya Rockfax, yomwe inayamba mu 1990, inabwera ndi mabuku odzaza zojambula, pambuyo pake zithunzi zamitundu zokhala ndi mzere wosonyeza podutsa, ndipo mabungwe akale aja nawonso anatsata. Choncho kumeneko wokwera amaima m'sitolo mabuku ali mbwee, mutu n'kuzungulira.

Mphwanga wina, mwana wa mchemwali wanga, amagwira ntchito ku Manchester, ndipo anayamba kukwera pa makoma opanga a m'nyumba monga amachitira achinyamata a kumeneko. Anandiimbira foni n'kundifunsa kuti, "Amalume, ndikufuna ndizipita kumapiri a ku Wales ndi ku Lake District kawiri kapena katatu pachaka. Ndigule mabuku a zonse aja kapena limodzi losankha?" Ndinamuyankha kuti, "Mphwanga, gula losankha. Mabuku a zonse ndi a munthu amene phiri lili kuseri kwa nyumba yake, amene njira zotchuka anazimaliza ndipo akufuna zobisika. Iwe ngakhale utakwera zaka khumi sudzamaliza za m'buku limodzilo. Koma usanalipire, tsegula pa thanthwe limodzi uwerenge mmene akufotokozera kafikidwe ndi katsikidwe. Ngati pamenepo alemba mzere umodzi wokha, libweze pashelefu." Ndikanamuyankha chimodzimodzi akanakhala kuti akufunsa za Mulanje.

Lero zinthu zasintha, ndipo zambiri zasintha mokomera. Ku Lilongwe bungwe la Climb Malawi lili ndi khoma lophunzirirapo, kumene anyamata ndi atsikana a m'makomboni akuphunzira kumanga mfundo ndi kugwirirana chingwe, zimene m'nthawi yathu zinkaoneka ngati za azungu okha. Pa matanthwe aafupi monga a ku Nathenje anaboola mwala n'kukhomamo mabawuti, kotero wokwera amangokoleka chingwe pa bawuti iliyonse, osavutika ndi kufunafuna mng'alu. Buku nalonso linalowa m'foni. Pa masamba a pa intaneti monga theCrag kapena Mountain Project munthu amalemba dzina la thanthwe, chithunzi n'kutuluka, mzere wofiira uli pamenepo kuyambira pansi mpaka pamwamba, giredi yake, kutalika kwake, ndi ndemanga za amene anakwerapo. GPS imakufikitsa pafupi ndi tsinde la thanthwe. Mkangano wa chimwala chogwa uja unatha. Mtsikana woyamba kumene sadikiranso kuti mwini buku amukomere mtima. Ndimasangalala nazo zimenezi, ndipo sindifuna kuti wina abwerere ku kandulo ndi kope la sukulu.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi pamene wozolowera thanthwe la mamita 20 la pafupi ndi msewu atenga foni yomweyo n'kulowera ku phiri lalikulu. Chithunzi chimajambulidwa patali, dzuwa likuwala, thanthwe lonse likuoneka. Koma wokwera sakhala patali. Mphuno yake imakhala pamwala, amaona mamita ochepa okha pamwamba pake, ndipo mzere wofiira uja pamwalapo palibe. Amene sanaphunzire kuliwerenga thanthwe amasochera pagawo lachiwiri, n'kupezeka ali posalala popanda pogwira, kubwerera kosatheka. Mawu a akale aja, akuti ukafika pa kamtengo upume, ankalembedwa ndi munthu amene waima pomwe iwe waimapo, akuona zimene iwe ukuona.

Komanso zolembedwa pa intaneti amalemba aliyense. Wina anakwera kamodzi, tsiku labwino, ali ndi mphamvu zake, n'kulemba kuti njirayi ndi yosavuta. Palibe mkonzi womufunsa kuti, kodi munayezadi kutalika kwake? Za Mulanje pamenepo n'zochepa poyerekeza ndi za mapiri a ku Ulaya kapena ku South Africa, ndipo kawirikawiri wolemba amatha mawu ake pofotokoza kukwera, kumene kumakoma kukamba, n'kusiya mbali ziwiri zimene zimavutitsa anthu: kufika patsinde ndi kutsika. Pa Mulanje kufika patsinde pa thanthwe kungadye maola, mukuswa tchire, mukuzemba chitedze, mukuwoloka makwawa. Kutsika ndiye nkhani yaikulu. Mumafika pamwamba mwatopa, madzi atha, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, mdima n'kugwa msanga. Chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique, nkhungu imaphimba phiri m'kanthawi kochepa, mwala n'kunyowa, mnzako wa pa chingwe osamuonanso. Usiku pamwamba paja kumagwa chisanu choumitsa madzi. Batire la foni m'kuzizira limatha mofulumira, netiweki m'zigwa mulibe, ndipo chala chonyowa sichiyendetsa galasi la foni. Pepala lokulunga m'pulasitiki silizima.

Palinso nkhani ya giredi, muyeso wa kuvuta kwa njira, imene imasokoneza okwera mwa kamodzikamodzi. Dziko lililonse lili ndi kawerengedwe kake. A ku France amati 5c, 6a, 6b. A ku America amati 5.9, 5.10, a ku South Africa amangowerenga 15, 18, 21, mabuku ena akale amalemba manambala a Chiroma. Ambiri mwa magiredi amenewa amangonena kuvuta kwa kakweredwe, osanena kuopsa kwake. A ku Britain ndiwo anaganiza bwino: amalemba mbali ziwiri, monga VS 4c, ina yonena kuvuta kwa pamalo povutitsitsa, ina yonena za njira yonse, kuphatikizapo ngati pali polowetsa zitsulo kapena ayi. Kusiyana kumeneku pa Mulanje ndi nkhani ya moyo. Njira ya giredi yotsika, imene mnyamata wa ku Lilongwe angaikwere akuseka patakhala mabawuti, imakhala ina pamene chitsulo chomaliza chili kutali pansi pake ndipo kugwa kukutanthauza kukhukhuluzika pathanthwe. Buku labwino limanena zimenezi poyera. Limanenanso kutalika kwa chingwe chimene wolemba anagwiritsa ntchito, pakuti zingwe zakale zinali za mamita 45 kapena 50 pamene za lero zambiri ndi za 60, ndipo malo oima amasiyana.

Koma ndisanamize munthu kuti buku la 1979 ndi lokwanira lero. Mwala sunasinthe kwenikweni, koma zonse zouzungulira zinasintha. Malangizo akale ali ngati a gogo amene amakuuza kuti ukafika pa mkuyu ukhotere kumanja, osadziwa kuti mkuyuwo anaudula kalekale n'kuotcha makala. M'chigwa cha pamwamba cha Chambe munali nkhalango ya paini yobzala, yokhala ndi timisewu take todziwika; painiyo anaichotsa poti inkalowerera zomera zachilengedwe. Chingwe cha m'mwamba chimene chinkatsitsa matabwa kuchokera ku Chambe kupita ku Likhubula chinaleka kugwira ntchito. Mkungudza umene fungo lake tinkagona nalo, mtengo wa fuko lathu, unatha ndi macheka ndi moto, moti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse. Zimandiwawa kulemba zimenezi, podziwa kuti nkhuni za pachumuni chija zinali gawo la kutha kwake. Nyumba ya Chisepo, imene lero anthu amagonapo popita ku Sapitwa, panthawi imene Eastwood ankalemba kunalibe. Ndiye mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri a Mulanje ndi Phalombe, anapha anthu ambiri, n'kusiya zipsera zoyera zimene zikuonekabe m'mbali mwa phiri. Makwawa ena anasintha njira, miyala ina inasuntha. Ngakhale zikhomo zachitsulo zimene okwera akale anasiya m'ming'alu zadya mvula ya zaka zoposa 40, ndipo wanzeru sangazikolekere moyo wake.

Apa ndi pamene pamaonekera chimene mabuku onse, akale ndi atsopano omwe, sanathe kuchisunga. Analembedwa m'Chingerezi, ndi alendo, kulembera alendo anzawo. Koma anthu amene ankawafikitsa alendowo patsinde pa thanthwe, atasenza zingwe ndi chakudya pamutu, anali a m'midzi ya m'munsi mwa phiri, ndipo nzeru zawo zinatsalira m'mitu. Alipo mpaka lero. Ku Likhubula, pa ofesi ya zankhalango pamene munthu amalembetsa asanakwere, pamakhala olondolera alendo ndi onyamula katundu amene ali ndi bungwe lawo. Ena mwa iwo ndi aja amathamanga mpikisano wa Porters Race chaka ndi chaka, kukwera phiri ndi kutsika m'maola ochepa pamtunda umene enafe timayenda tsiku lathunthu. Ambiri sakwera ndi chingwe, koma kafikidwe ndi katsikidwe, mbali ziwiri zomwe zija zosowa m'foni, amazidziwa ngakhale usiku.

Freddy atadutsa ndinafunsa mkulu wina wa kumeneko, imvi zili mbuu, amene anayamba kunyamula katundu ali mnyamata. Ndinati, "Bambo, kodi njira yotsikira kuseri ija ikadalipo?" Iwo anapukusa mutu. "Iyayi achimwene, kumene kuja kudagumuka. Mukatsika mudzere kumanzere kwa khwawa, ngakhale kukuoneka kotalika. Ndipo pamng'alu wapamwamba paja palowa njuchi chaka chino. Musakagogode chitsulo pamenepo." Mawu amenewo simungawapeze m'buku lililonse, ndipo mwezi wamawa akhoza kusinthanso. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mu Julaye 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiyana ndi womulondolera n'kupitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa. Nyengo inasintha, ndipo mtembo wake unapezeka patadutsa masabata oposa awiri anthu akufunafuna. Sanali pa chingwe, anali pa njira ya miyendo imene anthu ambiri amadutsa. Nkhungu ya phiri lija siyang'ana kuti munthu wanyamula buku lanji.

Ndiye wokwera wa kamodzikamodzi asankhe chiyani lero? Ine ndimayamba ndi chaka. Ndisanaone zithunzi, ndimafuna kudziwa kuti zimenezi zinalembedwa liti, ndipo wolembayo anakwera yekha kapena anangomva. Buku lakale lolembedwa ndi munthu amene anakweradi ndimalikhulupirira pa za mwala; pa za tchire, njira ndi madzi ndimafunsa amoyo. Bungwe la Mountain Club of Malawi linatulutsa kalozera watsopano wa njira za miyendo za paphiri, ndipo ameneyo ndi wothandiza kwambiri pa kafikidwe, pamodzi ndi mapu a ku Dipatimenti ya Survey ndi kampasi. Chithunzi cha pafoni ndimachitenga ndithu, ndimachisungiratu ndili kunyumba kumene kuli netiweki, koma masamba ofunika ndimawasindikiza papepala, mmodzi lake mnzanga lake, chifukwa anthu awiri a pa chingwe nthawi zambiri amakhala motalikirana. Buku limene sindinaligwiritsepo ntchito ndimaliyesa kaye pa njira yosavuta, yotsika kwambiri kuposa mphamvu zanga, kuti ndidziwe ngati wolembayo ndi wouma manja pa giredi kapena wopatsa. Ndipo sindifuna buku la njira mazanamazana. Munthu wobwera kamodzi pachaka akufuna njira zochepa zofotokozedwa bwino: nyengo yake, pakati pa Meyi ndi Okutobala mvula isanayambe, mbali imene dzuwa limawomba, poti khoma loyang'ana kumadzulo m'mwezi wa Okutobala limatentha masana moti sungaligwire, pamene pali madzi akumwa, pamene ungabwerere ndi chingwe zikakanika, ndi maola enieni otsikira kwa munthu wotopa.

Buku lotere la Mulanje, latsopano, losankha, lokhala ndi zithunzi za lero ndi mawu osamala ngati a akale, ndi limene ndikulilakalaka. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe okhala molizungulira. Alendo adzachuluka, ndipo ena mwa iwo adzabwera ndi zingwe. Kuli bwino adzapeze buku lowauza, pambali pa giredi ndi mabawuti, kuti malo ena paphiri paja ndi opatulika kwa eni ake ndipo saboolapo mwala mwachisawawa.

Inu achinyamata amene mukukwera ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mulanje komweko, muli ndi zonse zimene ife tinalibe: makamera m'thumba, nsapato zabwino, mphamvu, ndi anzanu ambiri. Tengani buku la Eastwood, kwerani njira zake imodziimodzi, muone zimene zikadali zoona. Khalani pansi ndi madala a ku Likhubula, a ku Thuchila, a ku Fort Lister ndi a ku Lujeri, muwafunse mayina a makwawa ndi a miyala monga amawatchulira iwo, ndipo mayina awo muwalembe m'bukumo pamodzi ndi anu. Mulilembe m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kuti mwana wa wonyamula katundu nayenso athe kuliwerenga. Chonde musachedwe, pakuti ambiri mwa amene anasenza zingwe za okwera a m'ma 1970 anatisiya kale, ndipo otsalawo akalamba.